Ng'ombe za Batate za M'kagalasi

Inu, basi ya ku Chipata sibwera manje manje, khalani pa benchi apo mudyeko nthochi. Mukuyang'ana shopu yotseka ija? Ndi ya amuna anga, Ba Obby, katswiri wa Chinyunyu yense. Ali ndi sola, ali ndi laputopu, ntchito yawo n'kuchaja mafoni ndi kulowetsa nyimbo, mafilimu ndi magemu okopera m'mamemoli a anthu. Mukati ndi kuba, amakwiya. Amati ndi kugawana.

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amayamba walimako munda wa apongozi. Ba Obby anakana tsiku loyamba lomwe. Akuti zala zawo ndi za kompyuta, khasu lingaziwononge. Batate anga, Ba Festus, sanawakakamize. Kungoti mpaka mwana wathu Towela kuyamba sukulu, sanawatchulepo kuti mkamwini. Ankangoti, "Aja a nyimbo ali bwanji?"

Tsono Batate ng'ombe zawo zinatha ndi matenda a nkhupakupa, khola lonse psiti. Munthu anaonda, kulankhula analeka. Mchimwene wanga wa ku Joni ndiye anawatumizira kagemu ka m'manja, kodula, kokhala ndi gemu imodzi yokha, ya ulimi. Poyamba tinaseka. Koma inu, nkhalamba ija inadzuka! M'kagalasi mmenemo inalima chimanga, inamanga khola, inaweta ng'ombe, iliyonse n'kuipatsa dzina la zimene zinafa zija. Mukapita kukawaona ankakuuzani nkhope ili gwa kuti Bulaki wabereka usiku wathawu, ndipo mumayenera kuwayamikira.

Batire ikatha, ine ndinkanyamula kagemuko kukachajitsa kwa Ba Obby. Apo mpamene panalowera Satana.

Ba Obby ali ndi phunziro limene amapereka kwa aliyense, angakhale wongofuna kuchaja tochi. Amayala timagemu pa kauntala ngati tomato.

"Aka ka ku Lusaka kotchipa, kalibe chitseko. Ulowetsa memoli, magemu mbwee, osawerengeka. Aka kakale ka salaula, kogula pa kaunjika, chitseko chiliko koma ni cha bango, ukankha chabe na phewa. Manje aka ka apongozi," n'kukanyamula ndi manja awiri, "aka ni banki. Ku Lusaka konse kawalephera. Koma ine ndine Obby."

"Ba Obby," ine, "kasiyeni ako. Muli ng'ombe za Batate."

"Amake Towela, gemu imodzi ni umphawi. Nizawaikira chikwi, aone kuti mwana wawo anakwatiwa na munthu."

"Mwawafunsa?"

"Apongozi amafunsidwa? Ulemu uli kuti?"

Mwamva? Kulima munda wawo ayi, koma pofunsa mpamene akumbukira ulemu! Paja wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Ba Obby ndi la chikopa.

Sabata imeneyo Batate anapita ku Mpanshya kukapimitsa kuthamanga kwa magazi, kagemu n'kutsala pa chaja. Ba Obby anatseka shopu. Analowetsa memoli, kanakana. Anakalumikiza ku laputopu, laputopu ndiyo inazima. Akuti vuto ndi netiweki, n'kukwera kaphiri ka kuseri uko kagemu kali m'mwamba, foni m'kamwa. Anatsika ndi msana, buluku litang'ambika malo oti sindingatchule pa msewu, chitedze thupi lonse. Alendo obwera kudzaona kasupe wa madzi otentha wa kuno ku Chinyunyu anaima n'kumajambula, ankayesa ndi gule wakwathu.

Mukuganiza analeka? Anaimbira mnzawo wa ku Lusaka, Ba Silas, amene ukatswiri wake ndi wofanana ndi wawo. Ine ndili pakhomo ndikumva.

"Dina mabatani awiri pamodzi, boyi," Ba Silas. "Chabwera chani?"

"Chizungu chambiri. Pansi pali inde na ayi."

"Dina inde. Inde ndiye atsegula."

"Kafunsanso ngati nili shuwa."

"Nanga suli shuwa?"

"Ine? Ndine Obby!"

Kagemu kanazima, kanayaka, kanaimba kanyimbo kokoma, n'kufunsa kuti mwini wake watsopano dzina lake ndani. Magemu aulere? Ngakhale imodzi. Anatsegula ya ulimi ija. Thengo lokhalokha, inu. Khola palibe, nkhokwe palibe, Bulaki palibe. Kamunthu kamodzi kataima pakati pa udzu ndi khasu.

Ine ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Osati za kagemu ayi, koma ndinakumbukira mmene Batate ankakhalira pa khola lopanda kanthu lija, osadya. Ndinalira, ndipo polira ndinawatchula Ba Obby mayina amene abusa athu sayenera kumva.

Batate anabwera ndi minibasi ya masana, achipatala atawauza kuti apewe zokhumudwitsa. Ba Obby anagwada patali, kuseri kwa nkhokwe, monga achitira mkamwini weniweni, koyamba m'moyo wawo. Wonyamula mawu ndinali ine. Batate anayang'ana m'kagalasi nthawi yaitali.

"Rosina, zafanso?"

"Zafa, Batate."

"Nkhupakupa?"

"Ayi. Aja a nyimbo."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Ba Obby anandikodola n'kundipatsa kotchipa kaja kopanda chitseko. Akuti alowetsamo gemu ina ya ulimi, yokopera, ndipo aikonza mwakuti ukangodina batani ng'ombe zimagwa ngati matalala. Ndinakapereka. Batate anadina kamodzi, khola n'kudzaza mpaka zina kuima pamwamba pa zinzake. Anakaponya pa mphasa ngati kawaotcha.

"Ng'ombe zimene sindinawete, m'khola mwanga? Zilibe mayina, zilibe amake! Akufuna ndife ndi mbiri ya wakuba? Uwauze kuti wopha ng'ombe za mwini amabweza. Ayambe ndi kuswa mphanje. Ndikufuna khola langa mmene linalili, ndi Bulaki yemwe, mu kanga komwe aka kamene sikalola zachidule."

Ndiye ndi zimenezo. M'mamawa uliwonse Ba Obby amapita kwa Batate, amakhala pa kampando patali ndithu, n'kumalima ndi zala zawo za kompyuta zija. Kagemu kodula sikanyengeka, inu. Mbewu imamera pa nthawi yake, ng'ombe imabereka pa nthawi yake. Anayesa kufunsa Ba Silas njira yofulumizitsa, foni ya Ba Silas siikupezekanso. Batate amakhala kumbuyo ndi ndodo, kukalipa kudzera mwa ine. "Rosina, uwauze mizere yakhota!" Zala zazikulu za Ba Obby zatuluka matuza. Koma Batate anenepa, magazi atsika, akudya ngati mnyamata.

Dzulo ng'ombe yoyamba inabereka. Batate anaseka mpaka misozi, n'kunena mokweza kuti, "Rosina, mkamwini wangayu ali ndi dzanja la ulimi!" Mkamwini! Ba Obby anabwera kunyumba chifuwa chili patsogolo, akuti waona, apongozi andivomereza.

Lero m'mawa Batate andiitana n'kundipatsa mphatso yoti ndikapereke kwa mkamwini wawo. Ndi ili ndatsamiritsa pa thebulo la nthochili. Khasu, inu, latsopano, mpini wake wolemera bwino. Akuti popeza maphunziro akhoza, mvula ili pafupi ndipo munda wa kumtsinje ukudikira.

Sindinawauzebe. Ndaliyang'ana mbali zonse khasuli, polowetsa memoli palibe.