Nkhondo ya Soketi Imodzi

Tcherani khutu, mibadwo inu, mumve za chaka chimene holo ya masewero inali ndi masoketi a magetsi anayi, koma yamoyo imodzi yokha.

M'mawa wozizira wa tsiku losankha timu ya mpira wa manja, munalowa Chiwala, mdani wa denga, namwali amene dzulo lake anaperewera zala ziwiri kuti akhudze mzere wa choko umene a Kochi analemba pakhoma. Wokhudza mzerewo alowa timu. Wolephera anyamulira anzake madzi chaka chonse. Chida chake chinali makina onjenjemeretsa, kathabwa kachitsulo koimapo mphindi imodzi mawondo atapinda, kuti minyewa idzuke munthu asanadumphe.

Koma soketi inali italandidwa kale ndi ketulo ya a Mlonda, Mwini Makiyi, amene tulo sitinawagonjetsepo kwina kupatula pantchito.

"Bambo," anafuula Chiwala, "zulani ketulo, nditenthetse thupi!"

"Nanga ine ndikuliziziritsa?" anabangula a Mlonda. "Thupi amatenthetsa ndi tiyi, mwanawe. Chako chija chimanjenjemeretsa. Wonjenjemera timamufunditsa bulangete, sitimuombera m'manja."

"Mphindi imodzi yokha!"

"Madzi ayamba kale kuimba. Wodula nyimbo imeneyi ayambe wadula ine."

Pulagi inazulidwa kasanu, inabwezedwa kasanu, mpaka ketulo inawira mwa liuma la mwini wake. Ndipo a Mlonda, pofuna kuti chipambano chimveke, anathira tiyi m'kapu n'kuterekanso madzi ena. Wotchi, yosakondera mbali, inasiya mphindi zitatu kuti wezulo ilire.

Pamenepo Mwini Makiyi anapapasa matumba onse, nkhope n'kugwa. Supuni anali ataiwala kunyumba, ndipo shuga anangokhala phee pansi pa kapu ngati mchenga.

"Patseni kapuyo," anatero Chiwala, "ndi soketi yomwe."

Anakwera makina, kapu ili m'manja, mawondo atapinda. Masaya anagwedera, mano anagundana, tiyi anavina, shuga anagonja. Wezulo italira anathamanga, anadumpha, natsika ndi choko kunsonga za zala zitatu.

Pangano la mtendere linasindikizidwa ndi milomo ya a Mlonda pa kapu. Anapsontha, anatsinzina, nalengeza pamaso pa timu yonse: "Soketi ndi yako m'mawa uliwonse, bola uzikwera ndi kapu yanga."

Motero Chiwala analowa timu. Koma dzina lakelo linafera pankhondo, ndipo mpaka lero, akadumpha, bwalo lonse limakuwa kuti: "Supuni!"