Mzere wa Kapitawo

Lolemba

Ambuye, ndiyambe ndi kuulula. Nditapeza ntchito ya m'dimba kuno ku Area 10, ndinalonjeza ndili chogwada kuti tambala wanga Kapitawo ndidzampereka kutchalitchi akadzasiya kukula. Nthawi imeneyo anali kamwanapiye, kulonjeza kunali kosavuta.

Lamulungu likubwerali ndi la masika!

Loweruka lililonse ndakhala ndikumuyeza pa sikelo ya kukhitchini, nambala n'kulemba. Lero minibasi mpaka ku Old Town: pepala la timabokosi, pensulo, lula. Ndikufuna umboni woti akukulabe. Masamu ndinakhoza ku Fomu 4.

Lachiwiri

Timadontho ndaika. Ndagoneka lula, mzere wowongoka bwino, kuloza kumwamba. Malinga ndi mzerewu, pofika Khirisimasi Kapitawo adzalemera ngati mbuzi, chaka chamawa ngati ng'ombe. Ndili pansi pa mpapaya, payipi m'manja, ndikumuona akusuzumira pamwamba pa mpanda, kulira kwake kukumveka ku City Centre, akazembe akudzidzimuka m'maofesi. Potsitsimuka, madzi asefukira pakapinga.

Timadontho tinayi tomaliza tili pansi pa mzere. Sindikutiyang'ana.

Lachitatu

Madamu, Mayi Mhango, apeza pepala pawindo. Kuntchito kwawo amachita zomwezi, kujambula mizere ya kakulidwe ka nsomba. "Bambo, chamoyo sichikula motsata lula." Atenga pensulo n'kukhotetsa: poyamba pang'onopang'ono, kenako chikweza, kenako mzere kugona. Wokongola ngati khosi la tsekwe, ndipo timadontho tonse tautsamira. "Tambala wanuyu anafika kale pogona."

Sakudziwa kuti apereka chiweruzo.

Lachinayi

Tsopano kuyeza ndi tsiku lililonse. Gaga, chiswe, mpunga wotsala, ngakhale usipa wanga wa ndiwo. Ndamuyeza atangokhuta. Kadontho kakwera! Ndaimba nyimbo mavesi onse. Masana wadzithandiza pakhonde, ndamuyezanso, kadontho kabwerera pamzere wa Madamu.

Lachisanu

Machimo a lero:
kumuyeza ali wonyowa;
kumumanga miyendo ndi chingwe chokhuthala, mfundo zitatu;
chala pa sikelo. Chala chachikulu, Ambuye, pang'ono chabe.

A Chisale, alonda athu, andiona pawindo. "Achimwene, mukuyeza tambala kapena chala?"

Madamu azunguliza kadontho kokwerako ndi pensulo. "Kamodzi kakathawa anzake chonchi, timayamba tafunsa woyeza." Koma sanandifunse. Bola akanafunsa.

Loweruka

Ndafufuta kadontho ka chala mpaka pepala labooka. Ganizo latsopano: mwina akungopuma, mzere udzakweranso ngati masitepe. Ndafunsa Madamu. "Zimachitika, koma osati kwa tambala amene akuthamangitsa kale misoti ya aneba."

Madzulo tili awiri pansi pa mpapaya, ine ndi Kapitawo. Mitambo nayonso ikukwera, kukhota, kugona. Ndikuganiza za mzere wanga ine: unagona liti? Kaya pa Fomu 4 pomwepo. Iye akujompha batani la malaya anga, alibe nkhawa.

Lamulungu

Ndampereka. M'minibasi anali phee m'khwapa mwanga, mtima wake ukugunda panthiti zanga. Mapemphero atatha, akulu a mpingo akugulitsa zamasika panja: maungu, mtedza, nkhuku. Atamukweza m'mwamba ndatsinzina. Potsegula maso, wogula ndi Madamu, paja timapemphera tchalitchi chimodzi! Mtima wanga wakwera ngati mzere wa lula uja. Kapitawo akubwerera kwathu, pagalimoto, ine ndi iye kumpando wakumbuyo!

Pageti, Madamu: "Bambo, alendo afika folo koloko. Muike madzi pamoto."

Ndamuyeza komaliza, wopanda nthenga. Kadontho kagwera pansi kwenikweni, kutali ndi anzake. Ndakaika pomwepo, chala changa chili m'thumba. Woyeza akafunsidwa, lero ayankha. Mzere sindijambula.