Tsiku limene ndinatolera asewere chimbale

Ndisanafotokoze, ndinene kuti kapepala ka malamulo kamene anatipatsa pachipata ndikadali nako, m'fayilo ya ulendowo. Ndakawerenga mobwereza. Palibe pamene analemba kuti munthu asatole chinthu chimene chagwa pansi.

Ndinapita ku Nairobi kukaonana ndi makolo a mnyamata amene ankafuna kukwatira mwana wanga Lonjezo, yemwe amagwira ntchito kubungwe lina kumeneko ndipo amakhala kudera la Madaraka mumzindamo. Lonjezo anandichonderera kuti ndikadzigwire, chifukwa bambo a mnyamatayo, a Njoroge, anali asanavomere. Iwo anati tisanakhale pansi tiyambe tadziwana, ndipo anandiitanira kumasewera awo a Loweruka.

Amati gofu, koma mulibe mpira kapena ndodo. Amaponya zimbale zapulasitiki kulunjika m'dengu lachitsulo lolendewera matcheni. Bwalo lake ndi lalifupi, la oyamba kumene, kuseri kwa tchalitchi china. Ine ndinavala jekete ndi tayi (sungakakumane ndi asewere utavala kabudula).

Nditaponya koyamba, chimbale chinakhotera kumpanda. Kachiwiri chinagwera kumbuyo kwanga, mmene zinachitikira sindikudziwa. A Njoroge anati, "Pole, mzee," kutanthauza kuti pepani achikulire, nandiuza kuti ndikhoza kumangoonerera. Iwo anali pampikisano ndi mnzawo, a Otieno, amene akuti ankawagonjetsa Loweruka lililonse, koma tsikulo a Njoroge anali patsogolo pang'ono.

Chinandipweteka n'chakuti munthu wamkulu ngati ameneyo, wa imvi, ankawerama yekha kutola chimbale chake, achinyamata atangoima. Ndinkaonadi kuti aliyense amaponyeranso pomwe watolerapo, koma ndinkayesa ndi ulesi wobwerera. Poti kuponya kunandikana, ndinaganiza zoonetsa khalidwe la kwathu.

Ndinatsogola kupita kudengu lomaliza, kuseri kwa mitengo. Posakhalitsa chimbale chofiira cha a Njoroge chinatulukira pamwamba pa mitengoyo n'kutera patsinde penipeni pa dengulo. Chachikasu cha a Otieno chinagwera kutali, m'udzu wautali, ndipo sindinachipeze (ndinayesetsa, Mulungu akudziwa). Chofiiracho ndinachitola, ndinachipukuta ndi kampango kanga, n'kubwerera nacho. Ndinachipereka ndi manja awiri, nditanjuta pang'ono.

A Njoroge sanachilandire. Anayang'ana chimbale, anayang'ana ine.

"Mzee, chinali pati?"

"Pansi, bambo, pamatope. Koma musadandaule, ndachipukuta."

A Otieno anakhala pansi paudzu kuti aseke bwino. Atatha, anagamula kuti poti palibe wosewera amene anaona pomwe chinagwera, chiponyedwenso. Ine ndinati ndinaona, ndipo ndinafuna kukaloza, koma anati mboni imene ikufuna mkamwini m'banjamo siingakhulupirike. A Njoroge anaponyanso. Chimbale chinakakhala mumtengo, ndipo a Otieno anapambana monga mwa nthawi zonse.

Pobwerera ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, ndi Lonjezo, amene anaonerera zonsezi. Titatsika anati, "Adadi, mukanangoima. Kuima kokha basi." Ndinamukumbutsa kuti ndinamulera kuti asamapitirire chinthu cha munthu wamkulu chili pansi. Anati ukwati ukalephereka ndikamufotokozere ndekha mayi ake.

Sunalephereke. A Njoroge anavomera, akuti anauza akwawo kuti banja limene limapukuta ngakhale chimbale chamatope silingazunze mwana wawo. Ndinayamba kudzimva kuti ndinachita bwino.

Koma nkhani inali itafala. Patsiku laukwati, chakudya chili mkati, ndinaimirira kuti ndiyankhule m'malo mwa banja lathu. Ndisanatsegule pakamwa, a Otieno anakuwa chinachake m'Chiswahili, ndipo mbali yonse ya kuchimuna, agogo ndi ana omwe, anagwira mbale zawo mwamphamvu n'kuzikokera pachifuwa.

Ndinayankhulabe mpaka kumapeto. Kapepala kaja ndinali nako m'thumba la jekete, kuti mwina wina afunsa. Palibe anafunsa.