Mapiko a malata pa galimoto yanga

Anzanga, timapulasitiki takuda tija amamata pamwamba pa mawindo a galimoto kuti titchinge mphepo ndi mvula, musamandifunse ine ngati n'tothandiza. Ndinayesapo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa Nathenje ndimayang'ana kumbali.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, aliyense akuyankhula zakukhosi, ine ndekha ndilibe woyankhula naye. Mayi a kunyumba anali atatisiya, ana anatengedwa ndi akuchikazi, ine n'kutsala ndi nyumba pa Mitundu komanso kagalimoto kokalamba kamene ndinagula nditapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya fodya. Mpando wa kumanzere unkangonyamula jekete. Kusungulumwa kumawawa abale, munthu umafika popatsa moni mbuzi za eni.

Ndiye pa Nathenje panali Mayi Nabanda, telala, nawonso amuna awo anamwalira. Ndinkawapititsira mathalauzi osang'ambika n'komwe, bola ndikhale pa benchi pawo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti andiperekeze ku ukwati wa mwana wa mnzanga ku Mitundu.

"Pa galimoto yanu ija, a Phiri? Mukatseka mawindo munthu amapsa, mukatsegula ndi mphepo ndi fumbi. Ine tsitsi ndikawotchetsa ku tauni, sindifuna ndikafike ngati ndachokera kuchigayo."

Mwamva? Sanakane! Ine ndinangomva zokhazo.

Ku Lilongwe ndinali nditaona timapiko timeneti pa magalimoto a mabwana atsopano andale, windo lotsegula pang'ono, mphepo ikudutsa pambali. Ndinazungulira masitolo, koma wogulitsa wina atasuzumira galimoto yanga anangoseka, akuti za galimoto ya mtundu umenewo zinatha iye asanabadwe. Kodi mwamuna n'kugonja chifukwa cha pulasitiki? Ndinabwerera ku Mitundu kwa a Chimtengo, mmisiri wokhoma zidebe ndi makheni othirira nazale ya fodya. Ndinawajambulira timapiko tija pansi ndi kamtengo.

"Aa, zimenezi? Si ngalande za padenga izi, zokololera madzi a mvula? Ndimapanga tsiku ndi tsiku, bwana."

Munthu wanzeru akanadzidzimuka pomwepo. Ine ndinawomba m'manja. Anadula lata, kulipinda bwinobwino, n'kulikhomerera pamwamba pa zitseko zonse zakutsogolo. Linkanyezimira kwambiri, ndiye kuti lifanane ndi za mabwana zija ndinaswa mabatire akale a wailesi, kusinja chakuda cham'kati chija, kusakaniza ndi madzi n'kupaka. Litauma, eee, galimoto inaoneka ngati yangofika kumene kuchokera ku Joni.

Tsiku la ukwati ndinawapeza Mayi Nabanda atatchena, diresi lachikasu, tsitsi lili nyezinyezi, pamiyendo atanyamula beseni latsopano la mphatso. Kwa nthawi yoyamba jekete inapita kumbuyo. Mtima wanga unadzaza, sindikunama.

Titangolowa msewu wafumbi, mapiko aja anayamba kulira, fyoo, fyoo.

"Kodi mwanyamula anapiye?"

"Ndi luso lamakono limenelo, Mayi. Mphepo ikupatuka."

Fumbi linkalowa ndithu, koma tonse tinachita ngati sitikuliona. Kenaka kunja kunada, mvula yoyamba ija n'kuyamba kudontha. Iwo anagwira chopukusira galasi, ine ndi matama anga n'kuwaletsa. "Musatseke, Mayi. Apa ndiye muona chimene ndinaikira."

Anaonadi! A Chimtengo moyo wawo wonse sanapangepo ngalande yotaya madzi. Ngalande yawo imatolera madzi n'kuwalozetsa mumgolo. Kumapeto kwa lata anali atapinda kamlomo kokongola, koloza m'kati. Madzi onse a padenga la galimoto anasonkhana, kutsuka mabatire anga aja, n'kutsika ngati pampopi, akuda bii, pamutu pa Mayi Nabanda. Kumbali kwanga chimodzimodzi, koma ndani ankasamala za ine?

Anapukusa galasi mwamsangamsanga, galasi n'kukakamira pa misomali ya a Chimtengo. Ine ndinati nditambasule dzanja nditseke kamlomo kaja, chiwongolero chinandipulumuka, galimoto n'kutsetserekera m'matope m'mbali mwa munda. Pamene ndimacheuka, mayi aja anali atatchera beseni la mphatso lija, likudzaza, diresi lachikasu lasanduka la pamaliro, tsitsi la ku tauni litagona pamphumi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotsegula chitseko, kukhuthula beseni, n'kuimitsa ngolo ya ng'ombe imene inkalowera ku Nathenje.

"Mayi, mvulatu iyi, munyowa!"

"Musadandaule, a Phiri. Kunja kuno ikugwa pang'ono kusiyana ndi m'galimoto mwanu."

Ndinawayang'ana akupita atafunda thumba la feteleza, ng'ombe zikuyenda mosafulumira, mpaka anazimiririka. Ndinakhala m'matopemo ndekha, madzi akudonthera pa mpando wopanda munthu. Ku ukwati sindinafike.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Chimtengo nditafufuma ndi mkwiyo. Anamvetsera zonse, kenaka n'kufunsa modekha, "Koma madzi anatayikako panja?" Ndinati ayi, ngakhale dontho. "Ndiye yagwiratu ntchito, bwana."

Mayi Nabanda anadzakwatiwa ndi bambo wina wa njinga yakapalasa, yopanda windo ngakhale limodzi, ndipo ndimamva kuti tsitsi lawo limafika bwinobwino kulikonse. Ine ndinalumbira kuti sindidzaikanso chotchinga mphepo pa galimoto, kaya chapulasitiki kaya chagolide. Phiko la kumbali kwanga ndinazula tsiku lomwelo. La kumanzere lija ndinangotseka kamlomo ndi phula n'kulisiya, musandiseke. Ndikamayenda ndekha pa msewu wa Mitundu limaimba kaluzu, ndiye kumbali imeneyo kumamvekako mawu.