Tsiku Limene Ndinayima Pagolo Nditavala Suti

Anthu amandidziwa ngati munthu wolemekezeka, koma pali nkhani imodzi ya nthawi ya Chitaganya, boma la atsamunda lija la ku Salisbury, imene mkazi wanga amakonda kuinena kukabwera alendo. Bola ndiyambe ndine kuinena.

Paunyamata ndinali goloboyi wa timu ya m'tauni muno mu Lilongwe. Nditathyoka chala ndinasiya mpira, n'kupita ku Blantyre kukawerenga nkhani pa wayilesi. Kumeneko ndinaphunzira kulankhula mokoka mawu, ndinanenepanso. Ndale zitatentha, akuluakulu achipani anati ndibwerere kwathu ndidzayime pa chisankho.

Atcheyamani, bambo Chimphepo, anatumiza uthenga kuti msonkhano uli Loweruka masana, anthu akandipeza ndikangowoloka mlatho. Ndinavala suti yakuda, tayi, chipewa ndi nsapato zosongoka.

Nditawoloka, ndinaona khwimbi pabwalo la mpira. Mtima unati myaa. Anthu onsewa chifukwa cha ine!

Wina anandizindikira. Posakhalitsa anthu anandizinga, akuimba dzina langa lakale lapagolo. Kutsogolo kunali Yusufu, mnzanga amene tinkasewera limodzi, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, Mulungu wakutumani," anatero. "Mutiyimira?"

"Ndabwerera zomwezo."

"Sure? Ndi thupi limeneli?"

"Thupi si kanthu, Yusufu. Chofunika ndi mtima."

"Koma anthu aja ndi oopsa. Chaka chatha anatikwapula."

"Atikwapula zaka zambiri," ndinayankha ndi mawu a pa wayilesi. "Kuyambira lero, palibe chawo chimene chidutse ine ndilipo."

Anthu anakuwa, amayi analuluta. Anandinyamula m'mwamba, ine ndikugwedeza chipewa, maso akufunafuna nsanja. Ananditsitsa pakati pa mitengo iwiri.

Apa m'pamene ndinaona anyamata a ku Dedza atavala majezi ofiira. Goloboyi wathu anali chigonere ndi malungo.

"Yusufu, pali mistake pang'ono," ndinanong'ona.

Wezulo inalira.

Mpira woyamba ndinangomva mphepo yake. Wachiwiri ndinaudumphira bwinobwino ngati kale, koma thupi linafika mochedwa, buluku n'kung'ambika kumbuyo kuyambira palamba. Kuchokera apo ndinkayima chobisa msana, ndipo a ku Dedza anazindikira kuti sindingawerame. Mipira yonse anayamba kuipereka pansi.

Tikusewera choncho, bambo Chimphepo anafika pa njinga. Msonkhano unali kumsika, kuseri kwa masitolo a amwenye, ndipo anthu anatopa kudikira n'kubalalika. Anayima kuseri kwa golo. Chigoli china chinalowa iwo akuona.

Mpira utatha ndinaganiza kuti khwimbi ndi khwimbi, lisapite pachabe. Ndinamanga jekete m'chiuno, n'kukwera pa mgolo wa madzi.

"Abale anga! Mukandisankha, Chitaganya ndichitsekera kunja!"

Mayi wina wogulitsa mtedza, amene anaonera mpira wonse dengu lili pamutu, anafunsa mwaulemu:

"Pepani bambo. Mwalephera kutseka ana a pa Dedza pompa, ndiye a ku Salisbury mukawatseka ndi chiyani?"

Ngakhale atcheyamani anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Anthu akakunyamulani, muzifunsa kumene akukutulani.