Laputopu Yosafika kwa Mary Zuze

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Kapepuka Kompyuta,
Uko kosazima magetsi.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada, ndaomba m'manja. Ndine mphunzitsi wamba wa Sitandade 8 pa sukulu ina kuseri kwa Nsaru, mmodzi wa amwayi amene munatigawira malaputopu kuti tizilembetsera ana mayeso. Kulembetsa kutsekedwa Lachisanu lino, ndiye ndati ndithokozeretu.

1. Zikomo chifukwa cha kupepuka kwa laputopuyi. Kale ndinkasenza mabuku mpaka phewa kupendekeka, lero ndimaima kawiri panjira kupapasa chikwama ngati ilimo. Tsiku loyamba ndinaimanga panjinga, pa kaliyala, ndi mphira, monga timangira thumba la mtedza, mbuzi ndi china chilichonse kuno. Pofika kusukulu inali itapinda msana ngati lichero. Wolakwa ndine, Bwana, sindinadziwe kuti munapangira anthu oyenda pa mipando yawofuwofu. Tsopano imagwedera patebulo, timachita kuiikira choko kunsi.

2. Zikomo chifukwa cha galasi lake lowala. Kalasi langa lili pansi pa mtengo, ndipo dzuwa likangokwera zilembo zimathawa, n'kutsala nkhope yanga. Ndadziwira momwemo kuti imvi zandichuluka. Kuti ndione cholemba ndimafunda chitenje cha akazi anga kumutu ngati wofukiza chimfine, ana n'kumafa nalo phwete.

3. Makina anu ndi aulemu, sayankha msanga. Mwana akakhala patsogolo kuti ajambulidwe, kamkombero kamazungulira, kuzungulira, mpaka kumwetulira kumuthera. Zithunzi zonse zatuluka za ana okwiya.

4. Za batire ndiye ndikusowa poyambira. Pa katoni munalemba maola khumi ndi anayi, kapena munawerengera ndi maola amene imakhala itazima. Timatchajitsa kwa a Damiano ometa tsitsi pa Nsaru, makilomita khumi ndi asanu kuchokera kuno. Pulogalamu yanu imafuna kuti ana ajambulidwe motsata alifabeti, imalola kutumiza kamodzi kokha, ndipo ikazima tisanatumize imaiwala zonse, tiyambirenso. Ana ndili nawo 58. Tayesa kanayi. Tsiku limene inadzuka bwino inafika pa mwana wa 57, n'kuphethira, n'kugona. Ahedi alamula kuti Lachisanu tidzatumize amene idzawafikire, pakuti walira mvula walira matope.

Mwana wa 58 ndi Mary Zuze. Pamndandanda ndi womaliza, koma m'kalasi palibe amamuposa. Bambo ake ndi a tenanti, anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti, ndipo ananena poyera kuti dzina likapanda kupita, mtsikanayu abwerere kuchigafa azikasoka fodya. Iwo akuganiza kuti walephera, poti anzake onse akuti anajambulidwa. Kanayi konse Mary wachapa yunifolomu, wapesa tsitsi, waima kumapeto kwa mzere padzuwa, n'kubwerera osakhalako pampando. Apa nthabwala zandithera, Bwana. Mtima ukundiwawa, ndipo ndimachita manyazi kumuyang'ana.

Sindingayerekeze kupempha batire ina, ndikudziwa kuti ikanalemeretsa katundu wanu wokongola. Sindikupemphanso kuti mubwere, msewu wathu ungakupindeni msana nanunso. Pempho langa ndi laling'ono. Mwa ulemu wanu, alembereni a Zuze kalata yowafotokozera kuti mwana wawo sanalephere kanthu, anangobadwira kutali ndi pomwe batire yanu imathera. Ine ndayesa kuwauza koma sakundikhulupirira, akuti makina a mumzinda sangatope asanatope munthu.

Chonde mulembe ndi bolopeni papepala, kuti idzawerengeke mpaka pomaliza.

Ine kapolo wanu wosaleka kuyamika,

Andrea Kalichero
Mphunzitsi wa Sitandade 8