Mbedza Makumi Atatu za Bambo a Jowana

Lolemba
Amuna anga, Bambo a Jowana, mlamba wawabaya, dzanja latupa ngati papaya. Chingwe chawo cha mbedza zambiri chili pakhonde, chosamanga. Lamulungu apongozi akubwera kuchokera kwa Ndamera, ndipo iwo chakudya chopanda nsomba amachitcha njala. Ndalengeza kuti ndimanga ndekha. Ine woluka tsitsi mudzi wonse uno, mfundo ingandivute? Zilipo: mbedza makumi atatu, nayiloni, mabotolo anayi oyandamitsira, mtima.

Lachiwiri
Nayiloni si tsitsi! Amaterera ngati therere. Bambo akulangiza ali gone pamphasa: "Zungulizani kasanu ndi kawiri, nyowetsani ndi malovu, kokani." Ndikuzunguliza katatu basi, n'kumaliza mmene ndimamalizira tsitsi la akwati. Zokongola zedi. Iwo akuti, "Nkhabe, ayi ndithu, mlamba suyang'ana kukongola." Nsanje chabe.

Lachitatu
Ndatambasula chingwe pabwalo kuti ndiyeze mipata. Zomwe zakodwa lero:
chitenje changa chakutchalitchi,
chala changa chachikulu,
bakha wa Mai Zuze oyandikana nawo.
Bakha wapulumuka. Ubwenzi sindikudziwa. Mai Zuze akufuula kuseri kwa mpanda: "Mtsinje uli uko, amwali!"

Lachinayi
Dzulo chingwe ndinachiunjika mubeseni mofulumira. Lero ndi chisa cha mbalame. Kumasula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutentha kwake ngati ndakhalira mbaula. Ndadula pawiri, ndalumikiza patatu. Sindikumvetsa kuti zatheka bwanji. Mbedza zatsala makumi awiri ndi zinayi. Tonse tikuyenda ndi nsapato pakhomo pano.

Lachisanu
Alamu anga a Fole andikweza bwato lawo kukatchera kudambo. Akuyang'ana mfundo zanga nthawi yaitali. "Mlamu, izi mwamanga kapena mwaluka?" Nyambo ndi nyongolotsi. Udzudzu wandidya mpaka m'makutu. Koma mabotolo akuvina pamadzi! Ndikubwerera ndikuwerenga milamba mumtima. Waukulu ndi wa apongozi.

Loweruka
Tavuula. Milamba inabweradi, yadya nyambo, yapita ndi mbedza zomwe. Patsala tizingwe topotana ngati michira ya nkhumba. Mbedza zobwerako: zisanu ndi ziwiri. Zogwidwa: nkhanu imodzi, yokwiya. A Fole aseka mpaka bwato kumwa madzi. Bambo a Jowana sanaseke. Angoti, "Pyadidi, zili bwino, mwayesa," kenako alowa m'nyumba. Ndikumva mphasa ikugwedezeka.

Lamulungu
Apongozi afika. Ndiwo: chisoso. Adya, asamba m'manja, aona chingwe pakhonde. "Patseni kuno, mwananga." Amanga mbedza zonse zisanu ndi ziwiri akukamba za maliro a kwawo, osayang'ana n'komwe zala zawo. Akoka ndi mano, mfundo osasuntha. Akuti agona masiku atatu kuti andiphunzitse. Pakali pano ntchito zanga ndi ziwiri: kugwira kumapeto kwa chingwe, ndi kukhala chete. Yoyambayo ndikuikwanitsa.